Kodi Radiohead inasochera pa Kid A, kapena ndife amene tinatsalira m'mbuyo?

Nachisale:

Moni kwa nonse okonda nyimbo za chamba cha rock. Ndabwera ndi funso limene lakhala likugawanitsa otsatira gulu la Radiohead kwa zaka zoposa 20, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu, chifukwa anzanga amene ndimamvera nawo nyimbozi ndi ochepa ndipo onse amanditsutsa.

Mfundo yanga ndi yakuti gululi linafika pachimake m'chaka cha 1997 ndi chimbale cha OK Computer, ndipo kutulutsa Kid A mu Okutobala 2000 kunali kuthawa ntchito imene anyamatawa ankaidziwa kuposa wina aliyense. Anthu asanuwa anakumana ali ana asukulu ku Abingdon, kufupi ndi mzinda wa Oxford, ndipo mpaka lero palibe amene anachoka m'gululi. Chimene chinkawasiyanitsa ndi magulu ena a ku Britain a nthawi imeneyo n'chakuti anali ndi oimba gitala atatu amene sankapondana mapazi. Thom Yorke ankagwira msana wa nyimbo, Jonny Greenwood ankaing'amba pakati ndi kulira kwaukali pamene simukuyembekezera, ndipo Ed O'Brien ankayala timawu tapatali timene munthu amatizindikira pokhapokha atamvera kachiwiri. Pansi pa onsewa panali Colin Greenwood, mkulu wake wa Jonny, pa besi, ndi Philip Selway pa ng'oma. Amene anamvapo Paranoid Android akudziwa chimene ndikunena: nyimbo yopitirira mphindi 6, yopanda kolasi yobwerezabwereza, yosokedwa kuchokera ku zidutswa za nyimbo zosiyana, komabe inafika pa nambala 3 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Pa chimbale chomwecho pali Let Down, Karma Police ndi No Surprises, ndipo iliyonse mwa izi mukhoza kumaiimba pakamwa uku mukugwira ntchito zanu.

Tsono tsegulani Kid A. Nyimbo yoyamba, Everything in Its Right Place, ilibe gitala, ndipo mawu a Yorke anawaduladula n'kuwamwaza uku ndi uku. M'nyimbo yachiwiri, imene mutu wake ndi wa chimbalecho, mawuwo anadutsa m'makina mpaka simungadziwe ngati akuimbayo ndi munthu. Pakati pa chimbale pali Treefingers, imene ilibe mawu, ilibe ng'oma, ndipo kwa ine ilibenso kumene ikupita. Gulu limene linali ndi woimba wa mawu anthetemya chotero linasankha kuwabisa mawuwo, ndipo magitala atatu aja linawakoleka kukhoma. Ngakhale zili choncho, pamene magazini ya Rolling Stone inakonzanso mndandanda wake wa zimbale 500 zopambana m'chaka cha 2020, inaika Kid A pa nambala 20 ndi OK Computer pa nambala 42.

Kodi Kid A ndi chimbale chabwinodi, kapena anthu amachitama chifukwa choopa kuoneka osadziwa zinthu? Nanga inu amene mumachikonda moona mtima, n'chiyani chimene chimakugwirani mukachimvera, chimene ine ndikulephera kuchimva?

Mbewe:

Mayi Nachisale, ndikuyankhani ngati munthu amene anagula chimbalechi chitangotuluka, pamene ndinali pa maphunziro ku Britain. Ndiyambe ndi ganizo lakuti anthu amachitama pongotsatira olemba nkhani, popeza zimene zinachitika n'zosiyana ndi zimenezo. Olemba nkhani za nyimbo ambiri a ku Britain anachinyoza poyamba. Nyuzipepala ya Melody Maker inachipatsa malikisi otsika kwambiri, ndipo wolemba mabuku Nick Hornby anadandaula m'magazini ya The New Yorker kuti ndi chimbale chofuna nthawi ndi kuleza mtima kumene munthu wamkulu wotanganidwa ndi ntchito alibe. Ena ankati gululi ladzipha lokha pa malonda. Ulemu umene mukuuona lerowu unakula pang'onopang'ono, ndipo pofika m'chaka cha 2009, pamene Rolling Stone ndi Pitchfork, tsamba la pa intaneti lolemba za nyimbo, ankachitcha chimbale chopambana cha zaka khumi zimenezo, anthu anali atakhala nacho nthawi yokwanira kuti achinene mmene akuchimvera popanda kuopa munthu.

Kuti timvetse chimene anasinthira, tikumbukire mmene gululi linalili litamaliza ulendo wautali woimba m'mayiko osiyanasiyana pambuyo pa OK Computer. Kanema wa Grant Gee wa 1998, Meeting People Is Easy, amaonetsa anthu otopa mpaka m'mafupa, akuyankha mafunso amodzimodzi a atolankhani kuchoka m'hotela ina kulowa m'hotela ina. Yorke wanenapo poyera kuti nthawi imeneyo ankati akagwira gitala kuti apeke nyimbo zinkangomukanika, ndipo anafika poipidwa ndi mawu ake omwe chifukwa wailesi zinadzaza ndi magulu a kaimbidwe kofanana ndi kake. Gulu la Travis linajambula chimbale chake cha 1999 ndi Nigel Godrich, yemwe anajambula OK Computer, gulu la Muse linkangofaniziridwa ndi Radiohead m'nyuzipepala, ndipo chimbale choyamba cha Coldplay chinatuluka mu Julayi 2000, miyezi itatu Kid A chisanatuluke. Njira imene mukufuna kuti akanapitiriza inali itadzaza kale ndi anthu, ndipo akanatulutsa OK Computer chachiwiri bwenzi akuoneka ngati akutsanzira owatsanzira awo omwe.

Sindikuvomerezanso kuti magitala anakolekedwa kukhoma. Optimistic ndi nyimbo ya magitala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, In Limbo inalukidwa ndi magitala, ndipo How to Disappear Completely inatsamira pa gitala yopanda magetsi. Treefingers imene mukuidandaulayo inachokera ku gitala ya O'Brien, imene anaijambula n'kuikoka pa makina mpaka kulira kwa nsambo kunasungunuka. Zambiri zimene anthu amaziyesa za kompyuta ndi zoimbidwa ndi manja a anthu. Mu The National Anthem muli gulu la oimba malipenga limene linamasulidwa kuti liimbe mwachisokonezo, motsatira kaimbidwe ka Charles Mingus, katswiri wa jazi wa ku America. Kulira konga mluzu kumene kumayandama pamwamba pa nyimbo imeneyo ndi kwa ondes Martenot, chida cha ku France cha m'chaka cha 1928, chimene Jonny Greenwood anachikonda chifukwa cha nyimbo za Olivier Messiaen, wopeka nyimbo wa ku France. Woimba chidachi amavala mphete yomangiriridwa ku kawaya n'kumaiyendetsa kutsogolo kwa kiyibodi, motero chala chikanjenjemera pang'ono mawunso amanjenjemera. Mavayolini a mu How to Disappear Completely anajambulidwa m'tchalitchi chakale cha Dorchester Abbey, m'chigawo chakwawo cha Oxfordshire, ndipo amene anawalembera zoti aimbe ndi Jonny yemweyo. Tamverani kumapeto kwa nyimboyi, pamene oimba vayolini amasiyana njira, aliyense n'kumatsetsereka payekha mpaka nyimbo yonse ikukhala ngati ikumira, kenaka mwadzidzidzi onse n'kubwerera pamodzi, mawu a Yorke n'kutulukira pamwamba pawo. Chimenecho ndicho chimandigwira mtima, ndipo pa OK Computer sindipezapo malo oposa amenewo.

Mbewu za Kid A zinali kale m'chimbale chimene mumachikondacho. Ng'oma za mu Airbag, nyimbo yotsegulira OK Computer, si mmene Selway anaziombera: anajambula masekondi ochepa n'kuwaduladula pa kompyuta potsanzira DJ Shadow, amene amapanga nyimbo posoka tizidutswa ta nyimbo zina. Amene akulankhula mu Fitter Happier ndi kompyuta ya Macintosh. Munthu amene anavomera zimenezo mu 1997 sanayenere kudzidzimuka kwambiri ndi zimene zinatsatira. Musaiwalenso kuti Kid A, chimbale chimene sichinakhale ndi nyimbo yogulitsidwa payokha ngakhale imodzi, chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe, pamene OK Computer ku America chinalekezera pa nambala 21.

Nsambo6:

A Mbewe, mwalankhula ngati mkulu wodziwa mbiri, ndipo pa How to Disappear Completely sindikutsutsani. Koma pa nkhani ya nambala 1 mwatiphimba m'maso pang'ono. Anthu amene anathamangira kukagula Kid A sabata yoyamba ankagula dzina limene OK Computer chinamanga. Ena anali atamvapo nyimbozo pa Napster, pulogalamu imene anthu ankagawanirapo nyimbo, poti chimbalechi chinafala pa intaneti chisanatuluke, koma wogula wamba ankapereka ndalama chifukwa cha chimbale cham'mbuyo. Malonda a sabata yoyamba amaonetsa mmene anthu anakondera ntchito yapita, osati ubwino wa yatsopano.

Ine ndimaimba gitala m'kagulu kathu kakang'ono, choncho ndilankhula ngati wa nsambo. Ndili kumbali ya mayi Nachisale, kungoti ine ndimabwerera m'mbuyo kuposa iwo, pakuti chimbale changa ndi The Bends cha 1995. Yesani kuphunzira Street Spirit. Dzanja lamanzere silichita zambiri, limayambira pa A minor n'kumangosuntha chala chimodzi kapena ziwiri, koma lamanja liyenera kudumpha nsambo mosalekeza, pa liwiro lomwelo, kwa mphindi zoposa 4, popanda pobisala. Mukangophonya nsambo imodzi, aliyense m'chipindamo amamva. Pofika pakati pa nyimbo mkono umakhala utayamba kuwawa, koma womvera sadziwa, amangomva ngati nyimbo ikuyenda yokha. Yesaninso Just, mmene Jonny amakwerera khosi la gitala pang'onopang'ono mpaka nsambo kutsala pang'ono kumuthera. Panthawiyo panalibe gulu lina ku Britain limene likanachita zimenezi, ngakhale Oasis ngakhale Blur, amene ankalimbirana ufumu chaka chomwecho.

Tsono yerekezani ndi Kid A. Yorke sanabise kuti ankamvera kwambiri oimba a kampani ya Warp, makamaka Aphex Twin ndi Autechre, amene anali akupanga nyimbo za makina kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kwa munthu amene ankawadziwa kale oimbawa, Kid A sichinali chachilendo. Chinkaoneka chatsopano kwa amene anali asanatulukepo m'chamba cha rock. Ngakhale Idioteque, nyimbo imene okonda chimbalechi amaiika patsogolo, mtima wake ndi wobwereka. Mawu anayi onga a kiyibodi amene amabwerezedwa m'nyimbo yonseyo anatengedwa mu Mild und Leise, nyimbo imene Paul Lansky anaipanga pa kompyuta yaikulu ya ku yunivesite ya Princeton m'chaka cha 1973. Anapempha chilolezo ndipo dzina la Lansky analilemba, choncho sindikunena kuti anaba. Ndikungonena kuti pa The Bends anali aphunzitsi, pamene pa Kid A anali ophunzira akhama.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ntchito ya anthu asanu inatsalira m'manja mwa awiri ndi wojambula wawo Godrich. O'Brien anafotokozapo kuti zinali zovuta kuvomereza kuti pa nyimbo zina sadzaimbapo chilichonse, ndipo Selway anayenera kugawana mpando wake ndi makina oomba ng'oma. Gulu loimba limakoma chifukwa anthu akumverana m'chipinda chimodzi, wina akafulumira pang'ono mnzake n'kumubweza, ndipo pa kompyuta zimenezo palibe.

Ndikanakhala wosankha ndine, ndikanatenga nyimbo zabwino za Kid A n'kuziphatikiza ndi za Amnesiac, chimbale chimene chinatuluka mu 2001 kuchokera m'nyengo yomweyo yojambula. Pyramid Song ndi Knives Out zikanalowa m'malo mwa Treefingers ndi nyimbo ya mutu wa chimbale ija, ndipo tikanakhala ndi chimbale chimodzi chimene palibe akanachitsutsa. Umboni wakuti iwo eni sanakhazikike mtima ndi njira yatsopanoyo ndi Hail to the Thief cha 2003, chimene anakachijambula mwachangu ku Los Angeles atabwezeramo magitala koma osafuna kusiya makina. Mapanga awiri avumbwitsa: nyimbo 14, zina zamphamvu ngati There There, zina zongodzaza malo, ndipo ena a m'gululi anadzanena okha kuti chimbalecho chinafunika kudulidwa.

Kadzidzi:

Akuluakulu, mundikhululukire polowerera, ine ndine wamng'ono ndipo zimbale zonsezi zinatuluka ndisanayambe kumvera nyimbo. Ndaona kuti nonse atatu mwadutsa osatchula Creep, ndipo zimenezi ndimaziona paliponse pamene okonda Radiohead akukambirana, ngati kuti kuitchula ndi kudziulula kuti ndiwe mlendo. Komatu popanda nyimbo imeneyi mkangano wa OK Computer ndi Kid A sukanakhalapo. Itatuluka koyamba mu 1992 sinayende malonda ku Britain, inayamba kutchuka ku Israel, kenaka ku America, ndipo ataitulutsanso mu 1993 inafika pa nambala 7 kwawo. Dzina limene inawapatsa ndi limene linawatsegulira njira yofikira pa The Bends. Ndikudziwa kuti gululo linatopa nayo mpaka kusiya kuiimba kwa zaka zingapo, kuti My Iron Lung inapekedwa podandaula za iyo, ndiponso kuti Albert Hammond ndi Mike Hazlewood analembedwa ngati opeka nawo chifukwa imafanana ndi nyimbo yawo imene inatchuka ndi gulu la The Hollies. Koma kukhadzula kuja kwa gitala ya Jonny kolasi isanayambe ndi kumene kunandikokera ine ku gululi, ndipo ambiri a msinkhu wanga analowera khomo lomwelo, kapena la Let Down, imene inafala pa TikTok mpaka kulowa pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America wa Billboard Hot 100 m'chaka cha 2025, patapita zaka 28 chitulukire. Mayi Nachisale angasangalale kuona kuti achinyamata akamasankha okha, popanda wowauza, akusankha za magitala, osati Treefingers.

Nangozo:

Achemwali anga a Nachisale, mkanganowu umavuta chifukwa timaukamba ngati kuti gululi linatha m'chaka cha 2000. Chimbale chimene ine ndimachiika pamwamba pa zonse ndi In Rainbows cha 2007, ndipo ndikukhulupirira kuti ndicho chingakuyanjanitseni ndi Kid A, popeza chili ndi zonse zimene mukuzifuna, magitala atatu ndi mawu a Yorke osabisika, koma sichikanatheka popanda zimene anaphunzira pa makina aja.

Anthu ambiri amachikumbukira chifukwa cha kagulitsidwe kake. Mgwirizano wawo ndi kampani ya EMI unali utatha, ndipo atalengeza za chimbalechi kutatsala masiku 10 okha, pa 10 Okutobala anachiika pa tsamba lawo la pa intaneti, aliyense n'kumalipira mtengo umene wafuna, ngakhale osalipira kalikonse. Zimenezi zinadzetsa mkangano wakewake, chifukwa oimba ena ankati Radiohead ingathe kutero popeza inalemera kale, koma ikuphunzitsa anthu kuti nyimbo ndi zaulere, zomwe zingapweteke oimba ongoyamba kumene. Nkhani imeneyo inaphimba nyimbo zenizenizo kwa kanthawi, chimene n'chomvetsa chisoni, pakuti pa nyimbo 10 zimenezi palibe yotaya.

A Nsambo6, inu amene mumaimba gitala, tamverani Weird Fishes mosamala. Selway amayamba yekha ndi ng'oma zothamanga zowerengeka zinayizinayi. Gitala yoyamba imalowa ikudumpha nsambo zitatuzitatu, motero siigwera pamalo amodzi ndi ng'oma mpaka patapita kanthawi. Yachiwiri imalowa ndi kadumphidwe kakekake, yachitatu chimodzimodzi, ndipo palibe imene ikutsogolera inzake. Khutu limene linakulira pa magule akwathu, kumene ng'oma zingapo zimaombedwa pamodzi, iliyonse ndi kagundidwe kake koma zonse n'kumalukana, silivutika kumva chimene chikuchitika apa. Kalukidwe kameneka ndi ka anthu amene akhala nthawi yaitali akusanja tizidutswa tobwerezabwereza pa kompyuta, kenaka n'kubwerera ku gitala ndi maganizo ena. Pa The Bends nthawi zambiri nyimbo inkayamba pansipansi n'kuphulika pa kolasi, monga linkachitira gulu la Pixies la ku America, limene anyamata a Radiohead ankalilemekeza kwambiri. Choncho mawu anu akuti pa The Bends anali aphunzitsi muwabweze pang'ono, chifukwa pamenepo ankaphunziranso kwa ena. Nyimbo yotsegulira In Rainbows, 15 Step, imawerengeka zisanuzisanu, imayamba ndi ng'oma za makina, kenaka Selway amalowa pamwamba pake ndi ng'oma zenizeni, ndipo n'kovuta kuloza pamene makina alekera ndi pamene munthu wayambira. Ameneyo si woomba ng'oma amene walandidwa ntchito.

Pa za Idioteque, n'zoona kuti mawu anayi aja ndi a Lansky, koma m'nyimbo yake, yotalika mphindi pafupifupi 18, kachidutswa kameneko kamangomveka kwa masekondi ochepa n'kudutsa. Kumva kachidutswa kotero n'kuzindikira kuti kangasenze nyimbo yathunthu yovinika ndi luso la kupeka ndithu, ndipo Lansky mwini wake anasangalala nazo.

Chinthu china chimene chimandikanitsa kunena kuti gululi linathawa magitala chifukwa cha kunyada ndi mmene limasungira nyimbo mpaka litapeza kaimbidwe koiyenera. Nude anayamba kuiimba pamaso pa anthu mu 1998, koma inadikira mpaka 2007, Colin Greenwood atapeza kayendedwe ka besi kamene kanaisintha yonse. True Love Waits inamveka koyamba mu 1995, Yorke akuimba ndi gitala yopanda magetsi, ndipo anthu anaikonda choncho kwa zaka zoposa 20, mpaka inatuluka pa A Moon Shaped Pool mu 2016 ili pa piyano, yodekha ndi yosweka mtima. Mpaka lero otsatira gululi amakangana kuti yabwino ndi iti. Ine ndili kumbali ya piyano, pakuti mawu amene mnyamata ankawaimba mopempha, bambo wa zaka 47 anawaimba ngati munthu amene akudziwa kale yankho. Anthu amene amadikira zaka zonsezo chifukwa cha nyimbo imodzi sasankha chida mwachisawawa.

Nachisale:

Zikomo nonse chifukwa cha mayankho ozama chotere. A Mbewe, ndamveranso How to Disappear Completely monga munanenera, ndipo kumapeto kwakeko n'kwamphamvudi. Koma taonani kuti nyimbo imene mwasankha kutetezera Kid A ndi imene ikufanana kwambiri ndi OK Computer pa chimbale chonsecho: gitala, mavayolini, ndi munthu akuimba momveka. Achemwali a Nangozo nawonso ateteza Kid A pondilozera chimbale china. Palibe amene wandiuza kuti amakhala pansi n'kumvera nyimbo ya mutu wa chimbale ija chifukwa choikonda.

Dandaulo langa lalikulu ndi mawu. Pa OK Computer, Yorke ankanena zinthu zimene munthu angazigwire: mantha a ngozi za pamsewu ndi za ndege, kutopa ndi ntchito imene ikukudya pang'onopang'ono, andale olonjeza pofuna mavoti, ndi moyo wothamanga umene makina akutilamulira. Pa Kid A analemba timizere, n'kutidula, n'kumatitola m'chipewa mwamwayi, ndipo mawu a nyimbozo sanawasindikize m'kabuku ka chimbale monga anachitira kale. Ine ndimamvera nyimbo kuti munthu andiuze kanthu. Ngati wopeka mwini wake wasiyira chipewa kuti chimusankhire, ine ndivutikirenji kufunafuna tanthauzo?

Mbewe:

Mayi Nachisale, ine nyimbo ya mutu ija ndimaimvera chifukwa choikonda, choncho mmodzi mwamupeza. Za chipewazo, chipewa chinasankha dongosolo la mizere, koma mizereyo analemba ndi munthu, ndipo yonse ikuchokera m'mantha amodzi. Idioteque ikukamba za dziko likuwonongeka, nyengo ikusintha, ndi anthu akuthamangira kobisala pamodzi ndi ana, ndipo munthu wogwidwa ndi mantha otere salankhula ziganizo zathunthu. Njirayi sanaiyambe ndi iwo, popeza David Bowie ankaduladula mawu a nyimbo zake chomwecho m'zaka za m'ma 1970, ataiphunzira kwa wolemba mabuku William Burroughs.

Ngati vuto lanu ndi la a Nsambo6 ndi lakuti simukumva anthu asanu m'nyimbozi, funani I Might Be Wrong, kachimbale ka 2001 kojambulidwa pamene ankaimba pamaso pa anthu. Mmenemo besi ya The National Anthem ikubangula, ndipo Idioteque ili ndi Selway akuomba ng'oma zenizeni pamwamba pa za makina. Like Spinning Plates, imene pa Amnesiac inamangidwa pa nyimbo ina yoyendetsedwa chobwerera m'mbuyo, mmenemo yasanduka nyimbo ya piyano ndi mawu omveka bwino lomwe. Akamaimba Everything in Its Right Place, Jonny amakola mawu a Yorke pa kachipangizo kotchedwa Kaoss Pad n'kumawapotoza ndi chala anthu akuona, ndiye kuti kuduladula kumene kunakukhumudwitsani kuja kumachitika ndi dzanja la munthu, usiku uliwonse mosiyana. Zomwezi zinachitikanso ndi The King of Limbs cha 2011, chimbale cha nyimbo 8 chimene ngakhale ine ndimachiona chofooka: atatenga Clive Deamer kuti akhale woomba ng'oma wachiwiri n'kuziimba pa pulogalamu ya From the Basement, nyimbo zomwezo zinadzuka.

Nsambo6:

A Mbewe, apa ndiye mwandithandiza kuposa mmene ndikanadzithandizira ndekha. Ngati Like Spinning Plates inafunika piyano kuti anthu aimve, ndipo The King of Limbs chinafunika oomba ng'oma awiri kuti chidzuke, ndiye kuti chimene chinkasowa m'situdiyo ndi anthu oimbira limodzi, chomwe ndakhala ndikunena. I Might Be Wrong ndimachikonda, ndipo ndimachimvera kawirikawiri kuposa zimbale ziwiri zimene nyimbo zake zinachokerako.

A Nangozo, za Pixies mwanena zoona, koma Pixies analibe woimba gitala wonga Jonny, ndipo Just sakanaipeka. Weird Fishes tiiyesa m'kagulu kathu. Vuto n'lakuti magitala tili nawo awiri okha, choncho gawo lachitatu tilipereka kwa wa kiyibodi, ndipo wa ng'oma wathu sanazolowere kugwira liwiro lake pamene ena akuwerenga zitatuzitatu, amangotsatira gitala. Ngati alipo amene anaiimbapo ndi gulu, andiuze ngati kuli bwino kuyamba kuphunzira magitala okha kenaka n'kulowetsa ng'oma, kapena kuyamba ndi ng'oma n'kumalowetsa gitala imodziimodzi monga zilili m'chimbale.